Gaidi wa ku Ilha de Moçambique: ndalama sinapite pachabe koma dandaulo ndili nalo

Abale, kwa amene mukufuna kudziwa ngati kulipira gaidi ku Ilha de Moçambique, chilumba cha kumpoto kwa Mozambique, kuli ndi phindu kapena ndi kungotaya ndalama poti kachilumbako munthu ungathe kukamaliza ndi miyendo pa ola limodzi, ine ndikuti lipirani, koma mumve kaye mmene zinatiyendera chifukwa pali pena pamene mukapanda kutsegula pakamwa mubwerako mutangoona makoma basi.

Tinali atatu, ine, madamu ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Nampula, iwowo Chipwitikizi amachilankhula ngati akumwa madzi. Tinakwera chapa, ndi mmene amatchulira maminibasi awo, kudzera ku Namialo ndi Monapo, ulendo wa makilomita pafupifupi 180 koma chifukwa choima paliponse umakhala ngati sutha. Chinthu choyamba chokudzidzimutsa ndi mlatho, wautali kupitirira makilomita atatu pamwamba pa nyanja, wopapatiza moti imadutsa galimoto imodzi basi, ina ikamabwera kutsogolo mumapatukira pa timalo tina tomwe anasiya dala. Unamangidwa m'zaka za m'ma 1960, kale konseko anthu ankawoloka pa ngalawa. Madamu anagwira mkono wanga mpaka kutsidya osalankhula olo liwu, zomwe sizichitikachitika.

Gaidiyo anatipezera ndi mayi a pamalo pomwe tinagona. Mnyamata wa zaka za m'ma 30, wobadwira pachilumba pomwepo, amalankhula Chimakuwa, Chipwitikizi komanso Chingerezi chongokwanira kumvana. Mtengo tinakambirana pa WhatsApp usiku, ndi wonenerera ndithu ndipo amafuna ma metical pamanja. Apa ndiye panali vuto loyamba, sanatiuze kuti matikiti olowera ku linga ndi ku myuziyamu ndi apadera, ife timayesa zonse zili mu ndalama ija, ndiye tinangoona tikupisanso m'thumba pageti. Si ndalama yoti munthu ungalire nayo ayi koma zimaipa kuzidziwira pakhomo. Lachiwiri, tinagwirizana 7 koloko m'mawa iye anatulukira 8 itadutsa akumwetulira ngati palibe chalakwika, ndipo ola limenelo tinalilipira masana chifukwa dzuwa la kumeneko likagunda makoma oyera aja limabwerera kumaso kwako, mthunzinso ndi wosowa.

Anayambira pa bwalo lomwe pali chiboliboli cha Vasco da Gama. Ine ndinati basi tayamba, tiuzidwa zomwe tinaloweza ku pulayimale zoti anatulukira njira ya ku India. Koma ayi, mnyamatayo anayamba ndi kunena kuti pomwe zombo za Apwitikizi zinkafika mu 1498 zinapeza tauni kale, Asilamu akuchita malonda ndi Kilwa, Arabia mpaka India, ngalawa zamatanga zili mbwee padoko, ndipo chomwe mlendoyo ankafuna kwenikweni ndi anthu omulozera njira chifukwa nyanja imeneyo samaidziwa. Mphatso zomwe anabweretsa eni ake anaziona ngati zachabechabe, ubale unasokonekera, pochoka anawomba tauniyo ndi mizinga. Dzina loti Mozambique anthu amati linachokera kwa Mussa bin Bique, mtsogoleri wa pamalopo nthawi imeneyo, ndiye tangoganizani dziko lonse lija kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo likuyendera dzina la kachilumba ka makilomita atatu, komwe m'lifupi mwake ukaima pakati pena umaona madzi uku ndi uku. Eni ake ali ndi dzina lawolawo, amati Muhipiti, ndipo ndinaona kuti iye akamayankhula ndi anzake mumsewu ndi lomwe amatchula.

Kuseri kwa chibolibolicho kuli chinyumba chofiira, Palácio de São Paulo. Chinamangidwa mu 1610 ngati sukulu ya ansembe a Chijezuiti, atathamangitsidwa mu 1759 chinasanduka nyumba ya bwanamkubwa, pano ndi myuziyamu. Mkatimo amakuyendetsani ndi anthu a pamyuziyamu pomwepo, gaidi wathu anatsala panja, ndipo anatiyendetsa bwino. Mipando yosemedwa ya ku Goa ku India, mbale za ku China, mabedi akuluakulu oti kukwerapo mpaka kudumphira. Madamu anakonda zimenezo. Ine maso anga anakakamira pa timangolo tina tokokedwa ndi munthu tomwe mabwana ankayendera, ndikudzifunsa kuti pa chilumba choti kuyenda wapansi ndi mphindi zochepa panalinso chifukwa chanji choti munthu mnzako akukoke, koma kaya, ubwana uli ndi matenda ake.

Linga la São Sebastião ndiye pomwe mnyamatayo anaonetsa kuti ntchito amaidziwa. Lili kumapeto kwenikweni kumpoto, anayamba kulimanga mu 1558 ndipo linatenga zaka zopitirira 50 kuti lithe, makoma ake ndi okhuthala moti pamwamba pake mutha kuyenda anthu angapo mogundana mapewa, mizinga yadzimbiri ikadalozabe kunyanja. Iye sanathamangire za mizingazo, anatitengera kaye padenga n'kutifunsa kuti achimwene, mukuona ngati chimene chinapulumutsa linga ili ndi chiyani? Ine ndinati makoma, alamu anati mfuti. Anaseka n'kutilozera timingalande tomwe tili padengapo. Pachilumbapo palibe mtsinje, madzi a pansi ndi amchere, ndiye madenga onse anawamanga athyathyathya kuti mvula ikagwa madzi atsetserekere mu chitsime chachikulu chomwe chili mkati mwa linga. Adatchi atabwera ndi zombo zawo mu 1607 n'kubweranso mu 1608, anazinga lingalo, anatentha tauni, koma a mkatimo anali ndi madzi akumwa pomwe a kunja akudwala ndi kufa, mapeto ake anapakira n'kumapita. Aluya a ku Oman nawonso anayesa cha m'ma 1670, tauni anaiphwasula koma linga linawakanika. Tinatsikira ku chitsimecho, kuli mdima ndi kazizirira, ukayankhula mawu amabwerera. Pambuyo pake paliponse pomwe tinadutsa mu tauni ya miyala ija ndinayamba kuona kuti nyumba zakale zonse zili ndi madenga a mtundu womwewo ndi zitsime zake, zomwe ndekha sindikanaziona olo ndikanakhalako sabata. Pamenepo pokha ndinati ndalama yanga yabwerera.

Kuseri kwa linga, pa kansonga komwe mafunde amamenya mbali zitatu, kuli katchalitchi kakang'ono koyera, Nossa Senhora do Baluarte, ka mu 1522. Amati ndi nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi Azungu kumwera kwa equator zomwe zikadaimabe. Ndi kakang'ono zedi, anthu 20 mwadzadza, pansi pali manda, mphepo ikulowa mbali zonse. Zaka 500 mchere ukukadya koma kali chiimire. Valani nsapato zogwira, ine ndinali mu silipasi ndipo miyala ya pamenepo ndi yakuthwa.

Kuchoka apo zinthu zinayamba kuthamanga. Chiboliboli cha Camões, mlakatuli wa Apwitikizi amene anakhala pachilumbapo cha m'ma 1567 mpaka 1569 atasowa ndalama yobwerera kwawo mpaka anzake anachita kumusonkhera, tinaimapo mphindi ziwiri. Kachisi wa Ahindu, amene makolo awo anabwera kuchokera ku Diu ku India kudzachita malonda, tinangosuzumira. Chipatala chachikulu cha mu 1877 chokhala ndi zipilala ngati nyumba ya malamulo, tinajambula n'kudutsa. Anatifotokozera mwachidule mmene tauni inafera, kuti Suez Canal itatsegulidwa mu 1869 zombo zopita ku India zinasiya kuzungulira Africa, kenako golide wa ku Transvaal ku South Africa anakokera ndalama zonse kumwera, mu 1898 likulu linasamukira ku Lourenço Marques komwe pano ndi Maputo, ndipo doko la Nacala lokhala ndi madzi akuya litayamba kugwira ntchito linatenga ndi kamalonda komwe kanatsala. Ndiye mukamayenda mumaona nyumba ina yokonzedwa bwino yasanduka malo ogona alendo, yoyandikana nayo mtengo wa kachere wamera pakhoma mizu yake ikung'amba miyala, mkati banja likuphika. UNESCO inaika chilumbachi pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 1991, ndipo mu 2018 anachita chikondwerero cha zaka 200 chikhalireni mzinda.

Tsopano dandaulo langa lenileni. Nthawi inali itakwana cha m'ma 11, tatopa, iye anatiimika pa khomo lina m'mbali mwa nyanja n'kunena kuti apa ndi Jardim de Memória, pokumbukira akapolo, mukafuna jambulani tizipita. Basi. Maola atatu pa abwanamkubwa ndi mizinga, apa chiganizo chimodzi. Alamu ndi amene anamuimitsa, anati achimwene, tatiuzeni bwinobwino, ife sitikuthamangira kulikonse. Mnyamatayo anatiyang'ana kaye ngati akuyeza ngati tikunenadi zoona, kenako anakhala pansi pa khoma n'kuyamba, ndipo kuyambira pamenepo anali ngati munthu wina, mawu oloweza aja anatha.

Malowo anali nyumba yosungiramo anthu podikira zombo, pano ndi bwalo lopanda denga, muli mitu yosema ya anthu ndi khomo loyang'ana kunyanja. Anati anthu ankabwera nawo kuchokera kumtunda atayenda miyezi, ambiri Amakuwa, ena ochokera kutali kufupi ndi nyanja ya Nyasa obwera ndi amalonda a Chiyao pamodzi ndi minyanga ya njovu, amafikira ku Mossuril tsidya linalo kenako n'kuwawolotsa. Afalansa ankawatengera ku minda ya nzimbe ku Mauritius ndi Réunion, ena ku Brazil ndi Cuba, ndipo kulikonse komwe anafika ankangowatcha ma Mozambique posatengera mtundu wawo. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836 koma malondawo anapitirira mobisa zaka zambirimbiri. Ndiye anatiuza za chombo chotchedwa São José, chomwe chinanyamuka pachilumbapo mu Disembala 1794 ndi anthu pafupifupi 500 kupita ku Maranhão ku Brazil, chinakagunda miyala ku Cape Town pa 27 Disembala, oyendetsa onse anapulumuka, anthu opitirira 200 anamira, ndipo opulumukawo sikuti anamasulidwa ayi, anawagulitsa konko ku Cape. Zotsalira za chombocho zinalengezedwa kuti zapezeka mu 2015, ndipo anthu anatenga dothi la ku Mossuril kukathira panyanja pomwe abale awowo anamirira. Madamu anangotembenuka kuyang'ana kumbali. Ine zomwe zinkandizungulira m'mutu ndi zoti mwa anthu amene anadutsa pakhomo limenelo munali ena oti ndikanawapatsa moni m'chinenero chomwe ndikulembachi akanayankha.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji zimenezi mumafuna kuzidumpha. Anati alendo ambiri safunsa, amafuna zithunzi za linga ndi kokadya nkhanu, ndipo ukayamba za ukapolo ena nkhope zimagwa tipu n'kuchepa. Ndinamumvetsa, munthu ali pa ntchito ndipo ali ndi ana. Komabe kwa ine chimenecho ndi chilema cha ulendowu mmene amaugulitsira, chifukwa ukapanda kukhala ndi alamu olimba pakamwa ubwerako ukuganiza kuti mbiri ya chilumbachi ndi ya Apwitikizi okhaokha.

Chimodzimodzinso ndi Macuti. Chilumbachi chili pawiri, kumpoto tauni ya miyala ndi laimu, kumwera Macuti komwe kumakhala anthu ambiri, dzinalo likuchokera ku masamba a kokonati ofolerera nyumba. Pa pulogalamu yake Macuti inali ya mphindi 20, kungodutsa pamsewu n'kuloza. Ife tinamuuza kuti tikapume kaye dzuwa lizizire, tikumane 3 koloko, tiwonjezera ndalama. Ulendo uno anafika nthawi isanakwane.

Chinthu choyamba chomwe mumaona ndi choti mukaima pamsewu madenga a nyumba ali m'munsi mwanu, mumachita kutsika masitepe kuti mulowe m'mudzimo. Ine ndimayesa ndi mmene malowo analengedwera. Iye anati ayi achimwene, dzenje ili linakumbidwa ndi manja, miyala yonse mwaona ku linga, ku matchalitchi ndi ku nyumba za mabwana ija inachokera muno, ndipo okumbawo ndi ana awo ndi amene anadzakhala m'dzenjemo chifukwa atsamunda anaika malire, nyumba za masamba sizinkaloledwa kumtunda kuja. Ndinaima kaye ndithu. M'mawa wonse ndakhala ndikusilira makoma osadzifunsa kuti mwala wake unachoka kuti. Ndipo zotsatira zake zilipo mpaka lero, mvula ikagwa madzi amatsikira momwemo n'kukhazikika, zimbudzi ndi zovuta kukumba poti madzi ali pafupi, n'chifukwa chake magombe ena a mbali imeneyo m'mawa si oyendapo chisawawa, ndikuuziranitu musadzati sindinanene. Nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, kuyambira 1977 mpaka 1992, anthu ambiri othawa kumtunda anawoloka mlatho uja kudzabisala kuno poti chilumba chinali chotetezeka, ambiri sanabwererenso, ndiye nyumba zinathithikana moti tinjira tina mumadutsa chammbali.

Madenga a masamba enieniwo akuchepa, ambiri aika malata. Akuti a zosunga mbiri amafuna anthu azifolerabe ndi macuti kuti mudzi usasinthe maonekedwe, koma masambawo akwera mtengo ndipo amafuna kusintha pafupipafupi, ndiye munthu amene namondwe Gombe anamusasulira denga mu Malichi 2022 ukamuuze za maonekedwe akuyankha chiyani? Pamenepa ine ndili mbali ya eni nyumba, ngakhale ndikuvomereza kuti m'nyumba ya masamba yomwe tinalowa munali mozizira bwino kuposa ya malata.

Nyumba imeneyo inali ya azakhali ake. Anatilandira pakhonde, nkhope atapaka mussiro, phala loyera lochokera ku mtengo wina womwe amaupera pamwala, amati limasalalitsa khungu ndi kuteteza ku dzuwa. Madamu anati mamã, nanenso ndipakeni, ndipo anawapakadi akuseka. Mayiwo ali mu gulu la tufo, gule wa amayi amene anabwera ndi Chisilamu, amavala ma capulana, zitenje zawo, ofanana ndi mipango kumutu, amavina mogwedeza mapewa ndi manja mofatsa kwinaku ng'oma zing'onozing'ono zikulira. Sanativinire ayi, ndipo ndinakondwa kuti gaidiyo sanawakakamize kuti achite chionetsero chifukwa cha ife, tinangomva gulu lina likuyeserera kuseri kwa mpanda. Anatipatsa mpunga wa kokonati ndi matapa de siri-siri, ndiwo za timasamba tomera m'mbali mwa nyanja zophikidwa ndi kokonati ndi mtedza, zokoma kuposa zomwe tinadya ku lesitilanti dzulo lake pa mtengo wowirikiza kangapo. Tinawasiyira kangachepe ngakhale sanapemphe. Potuluka tinadzera ku mzikiti wobiriwira womwe uli m'mbali mwa nyanja nthawi yomwe ngalawa zimabwera ndi nsomba, phokoso la amayi ogula, ana akusambira, kuitana kwa mapemphero kukumveka, ndipo batire la foni yanga linathera pomwepo, mxii.

Kanthu kena kamene sikanandisangalatse. Kangapo konse anatiimika pomwe panali anyamata ogulitsa mikanda yomwe amati amatola m'nyanja kuchokera ku zombo zomira, ena ali ndi tizidutswa ta mbale zakale za ku China. Zoti kuzungulira chilumbachi kuli zombo zomira ndi zoona, ku myuziyamu ya za panyanja tinaona mbale zotere zomwe anavuula. Koma zinkaonekeratu kuti anyamatawo ndi anzake ndipo pali kenakake komwe amapezapo, komanso munthu yemweyo amene m'mawa amadandaula kuti chuma cha pansi pa nyanja chinatengedwa ndi akunja ndi amene madzulo akukulimbikitsa kugula chidutswa upite nacho kwanu. Madamu anagula mkanda umodzi, kaya ndi wakaledi kaya ndi wa dzana, zidutswa za mbalezo tinakana.

Pa nyenyezi zisanu ndikumupatsa zinayi. Imodzi ndachotsa chifukwa cha kuchedwa, matikiti osanena ndi anyamata a mikanda aja, komanso chifukwa mbali yabwino kwambiri ya ulendowu tinachita kuipempha tokha. Mukapita, muuzeni gaidi wanu kuyambira pa foni pomwe kuti mukufuna Macuti ndi Jardim de Memória zipatsidwe nthawi yofanana ndi linga, ndipo ngati n'kotheka funsani ngati iyeyo ndi wobadwira pachilumbapo chifukwa ena amachokera ku Nampula anangoloweza zaka. Gawani ulendowo pawiri, m'mawa kwambiri ndi madzulo, nyamulani madzi ndi ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenji ndi nkhani, amayi tengani chitenje poti ndi dera la Asilamu ndipo mu Macuti kabudula wamfupi anthu amakuyang'ana. Musajambule munthu musanapemphe. Ngati Chipwitikizi simuchidziwa pezani wina wochidziwa, chifukwa ndinaona kuti nkhani zikafika pozama mnyamatayo Chingerezi chimamuthawa n'kuyamba kuthira Chipwitikizi, alamu n'kumatimasulira.

Tinalipiriratu theka la ulendo wa pa ngalawa wa tsiku lotsatira wopita ku kachilumba kena kapafupi kotchedwanso Goa komwe kuli nsanja ya nyali yowongolera zombo, koma kunacha ndi mphepo yamphamvu, mwini ngalawa anati sapita. Ine mumtima ndinati ndalama ija yapita basi. Tili mu chapa kubwerera, tadutsa kale Monapo, foni ya alamu inalira, M-Pesa, ndalama yonse yabwera osachotsapo olo metical imodzi, ndi kauthenga kofunsa ngati mussiro wa madamu anachoka bwino kumaso. Anali asanachoke yense, m'mbali mwa khutu munali mukadali moyera mpaka tinafika ku Nampula.